Mapiritsi, jakisoni kapena opaleshoni: kodi njira iti imayenera matenda ati a mtima?

Anthu awiri akhoza kutuluka m'chipinda cha dokotala mmodzi, onse atauzidwa kuti ali ndi vuto la mtima, koma wina n'kupatsidwa kapiritsi kakumwa m'mawa uliwonse, mnzakeyo n'kuuzidwa kuti popanda opaleshoni sizitheka. Apa palibe amene wakonderedwa. Matenda a mtima ndi ambiri, amayamba mosiyana, ndipo thandizo lopulumutsa wodwala wina likhoza kukhala lopanda ntchito kapena loopsa kwa mnzake. N'chifukwa chake funso lakuti "tisonkhe ndalama apite ku India kapena azingomwa mankhwala" silingayankhidwe banja lisanadziwe dzina la matendawo.

Taganizani za mjigo wa pamudzi. Ukhoza kuleka kutulutsa madzi chifukwa mavavu ake atha, kapena mpope watsekeka, kapena wopopayo watopa. Mtima nawo uli ndi mnofu wopopa magazi, mavavu anayi oletsa magaziwo kubwerera m'mbuyo, timitsempha toudyetsa, kathumba koukuta, ndiponso dongosolo loyendetsa kagundidwe kake. Chilichonse mwa zimenezi chimawonongeka mwa njira yakeyake.

Choyezera chokhala ndi mawu omaliza pa zambiri mwa izi ndi echo, sikani ya mtima yofanana ndi ija amaunikira amayi oyembekezera. Imaonetsa mavavu akutseguka ndi kutseka, mphamvu ya mnofu, ndi madzi ngati adzaza m'kathumba. X-ray ya pachifuwa imangoonetsa kuti mtima wakula, osanena chimene chaukulitsa. ECG, ija amamata timawaya pachifuwa, imathandiza kwambiri pa kagundidwe ka mtima ndi pa mtsempha wotsekeka mwadzidzidzi, koma vavu yowonongeka siionetsa. Ngati wodwala wauzidwa kuti "mtima wakula" pongoona X-ray, ulendo sunathe. Pemphani kuti atumizidwe kumene kuli echo, monga ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo dzina la matendawo lilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Tisaiwalenso kuti mtima wothamanga si nthawi zonse uli wodwala: kuchepa kwa magazi, malungo ndi nkhawa zimauthamangitsa pomwe uli bwinobwino.

BP: mapiritsi kapena kusintha kadyedwe?

Kwathu kuno gwero lalikulu la mitima yowonongeka mwa akuluakulu ndi BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Mtima wokankha magazi movutikira kwa zaka zambiri umayamba wanenepa mnofu, kenako umalimba kapena kufutukuka, mapeto ake n'kufooka.

Anthu amakonda kufunsa ngati kuchepetsa mchere ndi kuyendayenda kungalowe m'malo mwa mankhwala. Kwa munthu amene BP yake yangodutsako pang'ono 140/90, wopanda shuga kapena vuto la impso, dokotala akhoza kumulola kuyesa zimenezi kwa miyezi ingapo. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikizapo wa mu usipa wouma, soseji ndi tizokometsera ta m'mapaketi. Koma amene BP yake ili 160/100 kapena kupitirira, kadyedwe kokha sikangamufikitse. Ameneyo ndi wa mapiritsi, ndipo nthawi zambiri amitundu iwiri.

Mapiritsi opezeka kwambiri ndi HCTZ, amlodipine kapena nifedipine, enalapril ndi atenolol. Kwa anthu akuda, kafukufuku wotchedwa CREOLE, amene anachitika m'maiko 6 a mu Africa n'kusindikizidwa mu 2019, anapeza kuti kuphatikiza kokhala ndi amlodipine kumatsitsa BP kuposa kopanda amlodipine. Aliwonse ali ndi kakhalidwe kake: amlodipine amatupitsa akakolo kwa ena, enalapril amayambitsa kachifuwa kouma kosatha ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa, HCTZ amapititsa kokodza pafupipafupi. Zonsezi ndi zifukwa zosinthira mankhwala, osati zosiyira. Kusiya chifukwa "ndikumva bwino tsopano" ndi kumene kwagwetsa anthu ambiri ndi sitiroko. Za adyo, mandimu ndi madzi a m'mabotolo ogulitsidwa m'basi ndinene mwachidule: palibe mwa izo chimene chinaonetsedwa kuti chimateteza munthu ku sitiroko monga amachitira mapiritsiwa.

Mtima ukafooka

Kufooka kwa mtima ndi kumene matenda ambiri a mtima amakathera. Wodwala amachita wefuwefu pokwera kamtunda, miyendo imatupa, usiku amagona atatsamira mapilo chifukwa akagona chagada amabanika. Kafukufuku wina wa m'maiko 9 a mu Africa, wosindikizidwa mu 2012, anapeza kuti ogonekedwa ndi vutoli kuno amakhala a zaka za m'ma 50, aang'ono kwambiri poyerekeza ndi a ku Ulaya, ndipo zoyambitsa zazikulu ndi BP, matenda a mnofu wa mtima ndi mavavu owonongeka. Palinso mtundu wina wogwira amayi kumapeto kwa mimba kapena m'miyezi yoyamba atachira. Ena mwa iwo mtima umabwerera mwakale ndi mankhwala, koma mimba ina isanaganiziridwe echo iyenera kubwerezedwa.

Apa pali kusiyana kumene odwala ambiri sakudziwa. Furosemide, amene ambiri timangoti Lasix, amachotsa madzi m'thupi, munthu n'kupeza bwino m'masiku ochepa, ndiye odwala amamukonda. Koma mankhwala amene anaonetsedwa kuti amatalikitsa moyo wa munthu wa mtima wofooka ndi ena: enalapril, carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone, ndi atsopano monga dapagliflozin, amene ndi okwera mtengo. Amenewa sachititsa chodabwitsa chooneka msanga, ndipo carvedilol amatha kufooketsa munthu poyamba. Wodwala akayamba kusankha yekha zomwa, amasunga Lasix n'kutaya enawo, komwe kuli kulakwitsa. Chinanso chofunika kudziwa: Brufen, diclofenac ndi Indocid, amene timagula pa golosale msana ukawawa, amasungitsa madzi m'thupi ndi kuwononga impso. Wa mtima wofooka amwe Panado.

Kuika mtima wa munthu wina kulipo ndithu. Kunayambira kuno kummwera kwa Africa, pamene Christiaan Barnard anachita opaleshoniyi ku Groote Schuur mu Cape Town pa 3 Disembala 1967. Koma pamafunika mtima woperekedwa, ndalama zochuluka ndi mankhwala a moyo wonse oletsa thupi kuukana, choncho kwa banja wamba si njira yoiwerengera.

Pali mtundu umodzi wa mtima wooneka waukulu umene umachizika ndithu, ndipo suyenera kuphonyedwa. TB imatha kulowa m'kathumba kokuta mtima n'kudzazamo madzi, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV. Thandizo lake ndi mankhwala a TB a miyezi 6, ndipo madziwo akachuluka mpaka kupanikiza mtima amawapopa ndi singano. Lasix yekha apa sangathandize.

Mtsempha ukatsekeka

Matenda amene timawamva kwambiri m'nkhani zochokera ku Ulaya ndi ku America ndi a timitsempha todyetsa mtima, timene timachepa njira chifukwa cha mafuta omata m'kati. Kwathu sanafike pochuluka ngati BP, koma akukwera m'matauni pamodzi ndi shuga, fodya ndi kunenepa. Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku Britain akumana nawo kale.

Pali magulu awiri, ndipo njira zake n'zosiyana kotheratu. Loyamba ndi la mwadzidzidzi: chifuwa kuphwanya ngati chapsinjidwa ndi katundu, ululu kutsikira ku mkono kapena kukwera ku nsagwada, thukuta lozizira, kwa mphindi zopitirira 20. Mtsempha watsekeka, ndipo mnofu ukufa mphindi iliyonse. Njira yabwino koposa ndi kuutsegula ndi kawaya kolowetsedwa pamkono kapena m'mphechepeche, n'kusiyamo kachitsulo kotchedwa stent. Kumene makina amenewa kulibe, pali mankhwala osungunula magazi oundana, monga streptokinase, amene amagwira bwino m'maola oyambirira ndipo pakadutsa maola 12 phindu lake limakhala litachepa kwambiri. Kudikira kuti kuche n'kutaya mnofu umene subwerera.

Gulu lachiwiri ndi la ululu wobwera munthu akamayenda kapena kukwera mtunda, n'kusiya akapuma. Apa anthu a ndalama amathamangira stent, poganiza kuti mapiritsi ndi thandizo la osauka. Kafukufuku wamkulu wa COURAGE mu 2007, ndi wina wa ISCHEMIA pambuyo pake, anapeza kuti kwa odwala okhazikika otere stent sachepetsa imfa poyerekeza ndi mankhwala omwedwa mokhulupirika: aspirin, mankhwala otsitsa mafuta monga atorvastatin, a BP, ndi kusiya fodya. Chimene stent amachita bwino ndi kuchepetsa ululu mankhwala akalephera. Opaleshoni yolambalala potsekeka ndi mtsempha wotengedwa pamwendo kapena pachifuwa imaposa stent ngati mitsempha yochepa njira ili itatu, kapena wodwala ali ndi shuga. Ndipo amene waikidwa stent sanamasuke ku mapiritsi. Amawonjezera mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa clopidogrel kwa miyezi yambiri, ndipo kuwasiya msanga kumatseketsa stent yemweyo.

Ana obadwa ndi vuto, ndi kagundidwe kosokonekera

Pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 aliwonse amabadwa ndi chilema cha mtima. Tizibowo ting'onoting'ono ta pakati pa zipinda za mtima nthawi zambiri timatsekeka tokha, ndipo kudikira uku mukuunikitsa ndiye thandizo lake. Bowo lalikulu, kapena mwana amene milomo ndi zikhadabo zimada akalira, ndi wa opaleshoni, ndipo palibe piritsi lotseka bowo. Kuchedwa kuli ndi malire, chifukwa bowo lalikulu likakhala zaka zambiri limawononga mitsempha ya m'mapapo mpaka opaleshoni siithekanso.

Mtima wogunda pang'onopang'ono kwambiri mpaka munthu kumakomoka umafuna pacemaker, kamakina koikidwa pansi pa khungu, ka batire lokhala zaka pafupifupi 10. Wogunda mosokonekera, mopanda dongosolo, vuto lake lalikulu ndi magazi kuundana m'kati mwake n'kukatseka mtsempha wa ku ubongo, ndipo zimenezi zikutifikitsa pa matenda amene ndikufuna kukhalitsapo.

Mavavu owonongeka ndi zilonda zapakhosi

Awa ndi matenda a ana athu ndi achinyamata athu, amene ku Ulaya anatsala pang'ono kuiwalika. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 amadwala zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus. Pakapita masabata awiri kapena atatu, chitetezo cha thupi lake chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo: mawondo ndi akakolo amatupa mosinthanasinthana, thupi limatentha, ndipo mavavu a mtima amatupa. Kawirikawiri pakhomo timangoti ndi malungo. Zikabwerezabwereza, vavu imachita zipsera, n'kuyamba kudontha kapena kuuma osatseguka bwino. Kafukufuku wa ana a m'boma la Lilongwe, wosindikizidwa mu 2016, anapeza zizindikiro za matendawa pa echo mwa ana pafupifupi atatu pa 100 aliwonse, ana oyenda ndi kusewera bwinobwino.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ili poyambirira penipeni: mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi alandire jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin kapena amoxicillin wa masiku 10 athunthu. Osati makapisozi anayi ogula pamsika.

Vavu ikakhudzidwa kale, njira ndi jakisoni yemweyo masabata atatu kapena anayi aliwonse, kwa zaka zosachepera 10, ena mpaka zaka 40 zakubadwa, ena moyo wonse. Jakisoniyu amawawa, ndipo ulendo wa mwezi ndi mwezi umatopetsa. Pali mapiritsi a penicillin omwa kawiri patsiku, koma sateteza mofanana ndi jakisoni, makamaka chifukwa kuiwala n'kosavuta. Madokotala amawasankhira amene mtima wawo wafooka kwambiri, amene jakisoni akhoza kuwakomola. Kuti jakisoniyu amagwiradi ntchito zinaoneka ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, m'kafukufuku wosindikizidwa mu 2021: mwa ana amene matendawa anali atangoyamba, osafika mmodzi pa 100 mwa obayidwa ndi amene anaipirapo m'zaka ziwiri, pomwe mwa osabayidwa anali 8 pa 100. Sindikudziwa thandizo lina la mtima lotsika mtengo chonchi lokhala ndi phindu lotere, komabe ndi limene limasiyidwa msanga, chifukwa mwana wooneka wathanzi sachititsa mantha aliyense. Makiliniki a matenda okhalitsa a m'zipatala za m'maboma, monga amene anayambira ku Neno mothandizidwa ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, ntchito yawo ina ndi yomweyi yoonetsetsa kuti jakisoni sakudumphidwa.

Vavu ikafika poipa, pali njira zinayi, ndipo apa ndi pamene banja liyenera kukhala pansi ndi dokotala mosathamanga.

Ngati vavu yangouma koma siikudontha kwambiri, ndipo mumtima mulibe magazi oundana, akhoza kuifutukula ndi kabaluni kolowetsedwa kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche. Chifuwa sichitsegulidwa, wodwala amatuluka m'masiku ochepa, ndipo zimatheka ngakhale mayi ali woyembekezera. Vavuyo ikhoza kudzaumanso pakapita zaka, koma kwa woyenerera njirayi ndi mwayi waukulu. Yachiwiri ndi kuisoka vavu yakeyo pa opaleshoni. Ubwino wake ndi wakuti munthu amakhala ndi vavu yake, kawirikawiri popanda mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi a moyo wonse. Vuto ndi lakuti vavu yodzala zipsera siisokeka mosavuta, ndipo jakisoni uja akasiyidwa matenda amaibwerera.

Zikakanika izi, vavu imachotsedwa n'kuikapo ina, yachitsulo kapena yopangidwa kuchokera ku nkhumba kapena ng'ombe. Yachitsulo siitha, ikhoza kukhala moyo wonse wa munthu, ndipo m'chipinda mukakhala zii imamveka kugogoda. Koma magazi amakonda kuundana pa iyo, choncho mwini wake amamwa warfarin tsiku lililonse mpaka kalekale, n'kumayezetsa magazi pafupipafupi, muyeso wotchedwa INR. Warfarin akachepa, vavu imatsekeka kapena sitiroko imagwa. Akachuluka, munthu amataya magazi m'mphuno, m'mimba, ngakhale mu ubongo. Ndi mankhwala osachedwa kusokonezeka: mankhwala a TB amawafooketsa, Bactrim ndi Flagyl amawawonjezera mphamvu, ndipo masamba monga nkhwani, bonongwe ndi mpiru amawachepetsa mphamvu, kotero nyengo ya dzinja ndi ya chilimwe muyeso umatha kusiyana. Sikuti munthu asiye ndiwo zamasamba, koma azidya mofanana tsiku ndi tsiku. Mankhwala atsopano osafuna kuyezetsa magazi, monga rivaroxaban, saloledwa pa vavu yachitsulo, ndipo ngakhale kwa odwala mavavu amene mtima wawo umagunda mosokonekera, kafukufuku wa INVICTUS mu 2022 anapeza kuti omwa warfarin ndi amene anamwalira ochepa.

Vavu yochokera ku nyama siifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha. Kwa munthu wachikulire imakhala zaka 10 mpaka 15 kapena kupitirira, koma mwa wachinyamata imauma msanga, ndiye opaleshoni yachiwiri imakhala ikudikira. Mabuku a madokotala amati wachinyamata aikidwe yachitsulo, wokalamba ya nyama. Malangizo amenewa analembedwa kumene labotale ili pafupi. Kwa mtsikana wa zaka 19 wa kumudzi, amene chipatala choyeza INR chili ulendo wa tsiku lathunthu, nkhani ndi ina. Warfarin amatha kuwononga mwana m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mimba ya mayi wa vavu yachitsulo ndi yoopsa ngakhale m'zipatala zapamwamba. Akasankha ya nyama akhoza kubereka mosavutikirapo, koma ndani akumulonjeza opaleshoni yachiwiri, pomwe yoyambayo yapezeka movutikira?

Ndiye nkhani ya kumene opaleshoniyo ichitikire imalowa m'chisankho cha vavu. Amalawi ambiri ofuna opaleshoni ya mtima akhala akupita kunja, makamaka ku India, ena potumizidwa ndi boma atadikira pamndandanda, ena ndi ndalama zosonkha pachibale kapena kutchalitchi. Ku Khartoum kuli chipatala cha Salam, chimene bungwe la ku Italy la Emergency linatsegula mu 2007 kuti chizichita maopaleshoni a mtima mwaulere kwa odwala ochokera m'maiko ambiri a mu Africa, koma nkhondo imene inabuka ku Sudan mu 2023 yavutitsa ulendo wa kumeneko. Kulikonse kumene munthu angapite, dokotala womuchita opaleshoniyo amatsala komweko, wodwala n'kubwerera kwawo.

Maganizo anga ndi akuti vavu isasankhidwe poona msinkhu wokha. Banja lifunse, tikiti isanagulidwe, ngati kabaluni kapena kusoka kungatheke. Ngati sikungatheke, lidziwe dzina la chipatala chimene INR izikayezedwa, ndalama ya basi yopitira kumeneko mwezi ndi mwezi, kumene warfarin azikapezeka akasowa ku chipatala cha boma, ndiponso ngati wodwalayo akufuna kudzabereka. Mayankho amenewa dokotala wa ku India sangawadziwe pokhapokha atauzidwa, ndipo mtsikanayo afunsidwe yekha za kubereka, osati amalume kumuyankhira.